Panelo ya m'chipinda cha misonkhano ikayamba misala: fufuzani musanagule ina

Msonkhano uyamba 9 koloko. Alendo akukwera kale masitepe, tiyi wafika, ndiye panelo ya patebulo, kasikirini kodina ndi chala kolamulira pulojekita, TV ndi masipika, yasankha tsiku lomweli kuti ionetse khalidwe lake. Mukadina kuti pulojekita iyake, zii. Mukachotsa dzanja, voliyumu ikukwera yokha mpaka masipika kuyamba kulira. Abwana akukuyang'anani ngati mwachita dala. Mawu oyamba kutuluka m'chipinda chotere amakhala akuti, "Yafa iyi, itanitsani ina."

Zaka zonse zimene ndakhala ndikukwawa pansi pa matebulo a m'maofesi mu Lusaka muno, kuyambira ku Cairo Road mpaka ku Longacres ndi Kabulonga, mapanelo ofadi ndakumana nawo owerengeka. Kawirikawiri panelo imakhala ngati khanda lolira: ikuonetsa kuti penapake pakuwawa, koma chowawacho chili ku magetsi, ku kebulo kapena ku netiweki. Mukagula ina n'kuisomeka pa kebulo yomweyo, nayonso idzayamba misala yomweyo, ndalama zitapita, mutadikiranso masabata kuti ifike kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai.

Malangizo awa ndi a mapanelo a Crestron, Extron, AMX, Q-SYS ndi ena ofanana nawo, amene amalandira magetsi ndi mauthenga pa kebulo imodzi ya netiweki. Ndayamba ndi zosalira ndalama. Pa ntchito yonseyi sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani, kenaka musinthe china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi vuto n'kutha, simudziwa chachiritsa n'chiti, ndipo tsiku likadzabweranso mudzayambiranso pachiyambi.

Choyamba: kadzionereni nokha

"Panelo ikuvuta" si uthenga wokwanira. Kandimverere anakanena za m'maluwa: mlembi wamva kwa woyang'anira ofesi, woyang'anira ofesi wamva kwa abwana, pofika kwa inu nkhani yasanduka ina. Pitani mukaime pa paneloyo. Ikakhala phee pamene inu mulipo, monga zimakondera kuchita, pemphani ogwiritsa ntchito chipindacho kuti ikadzayambanso adzajambule kanema pa foni ndi kulemba nthawi yake.

Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti matendawo ndi a mtundu wanji, chifukwa anthu amasonkhanitsa zinthu zinayi zosiyana m'mawu amodzi. Pali panelo yodzidina yokha: masamba akusintha popanda chala, kapena mukadina kumanja iyo ikumva kumanzere. Apa maso akhale pa galasi, chinyezi ndi magetsi. Pali panelo yozima n'kuyakanso, yoonetsa chizindikiro cha kampani ngati mwangoisomeka kumene. Imeneyi pafupifupi nthawi zonse ikusowa mphamvu. Pali yoyankha mochedwa kapena yolemba kuti siikupeza purosesa, bokosi limene limalandira uthenga wa panelo n'kulamula TV, pulojekita ndi masipika, ndipo iyi ikuloza ku netiweki. Ndiye pali ija yakuti batani likumvera, likusintha mtundu bwinobwino, koma TV kapena pulojekita ili chete. Pamenepo panelo ilibe mlandu ngakhale pang'ono. Yatumiza uthenga, wakana kumva ndi wina.

Funsaninso zinthu zitatu. Zimachitika nthawi yanji? Pa nthawiyo nyumba inali pa magetsi a ZESCO, pa jenereta kapena pa inveta? Nanga chasintha n'chiyani masiku apitawa? Funso lomalizali lifunseni kawiri, chifukwa poyamba aliyense amati palibe. Mukakakamira m'pamene wina amakumbukira kuti Loweruka a IT anasintha swichi, bokosi limene makebulo a netiweki amasomekedwapo, kapena akalipentala anasuntha tebulo, kapena padenga anaika magetsi atsopano a LED.

Chachiwiri: galasi

Mapanelo a masiku ano samva kukanikiza. Kuseri kwa galasi kuli ukonde wa timizere tosaoneka ndi maso tosunga mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi. Thupi la munthu limadutsitsa magetsi, choncho chala chikafika pa galasi chimasokoneza mphamvuyo pa malo amenewo, ndipo panelo imawerengera pamene chala chili. Vuto lake n'lakuti chilichonse chodutsitsa magetsi chimaoneka ngati chala: dontho la madzi, thukuta, sanitaiza yotsalira, ngakhale chingwe cha laputopu chimene chagona m'mphepete mwa galasi.

Yambani ndi kuunika galasilo chapambali ndi tochi ya foni. Fufuzani mng'alu, makamaka m'makona, ndi kapulasitiki kotetezera kamene oika anaiwala kumatula kapena kamene wina anamata mwa chifundo. Onani m'mphepete ngati mwaunjikana fumbi; mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imalowetsa fumbi paliponse, ndipo likasakanikirana ndi mafuta a m'manja limapanga kachikhakha kosunga chinyezi. Kenaka zimitsani panelo, nyowetsani pang'ono kansalu kofewa ka microfibre, pukutani, n'kuumitsa ndi kansalu kena. Mankhwala athireni pa nsalu, osati pa galasi, chifukwa madzi oyenderera amakalowa m'munsi momwe muli timawaya ta galasilo. Makampani ambiri amalola isopropyl alcohol, koma onani kaye kabuku ka panelo yanu. Madzi a pampopi kapena a m'chitsime cha pa ofesi asiyeni. Madzi a pansi pa Lusaka ali ndi laimu wambiri ndipo akauma amasiya zoyera pa galasi.

Ku ofesi ina ndinapeza panelo imene inkapenga m'mawa uliwonse, pofika 10 koloko n'kuchira yokha. Ndinalawirira tsiku lina, ndipo ndinapeza mayi wachikulire woyeretsa akupopera mankhwala owalitsira tebulo, n'kupitiriza mpaka pa panelo.

"Amayi, galasi ili mumalipukuta ndi chiyani?"

"Ndi omwewa a patebulo, mwanangu. Taonani mmene likuwalira."

Linkawaladi, sindikanawatsutsa. Panalibe amene anawauzapo kuti galasi ili n'losiyana ndi la pazenera. Ndinawasiyira kansalu kawo, tinapukutira limodzi kamodzi, nkhani inathera pomwepo.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka chakumapeto kwa Marichi, onjezerani ichi: eyakoni ikaziziritsa chipinda kwambiri kenaka n'kuzima, mpweya wachinyezi ukalowa umapanga nkhungu pa galasi lozizira. Panelo imene ili pansi penipeni pa eyakoni, kapena imene dzuwa la masana limaiwomba kudzera pazenera mu Okutobala, isuntheni muone ngati khalidwe lisinthe.

Chachitatu: izimitseni bwino, iyake popanda woigwira

Zulani kebulo ya netiweki, werengani mpaka 30, bwezerani. Kenaka manja kumbuyo mpaka itamaliza kuyaka. Panelo ikamayaka imayeza galasi lake kuti idziwe mmene limakhalira popanda chala, ndipo muyeso umenewo ndiwo imayerekezera nawo pambuyo pake. Ikayaka chikhatho chili pagalasi, kapena faelo itatsamira pomwepo, muyesowo umalakwika ndipo imayamba kuona zala zimene palibe. Kuno kumene magetsi amabwera nthawi iliyonse, ngakhale usiku chipinda chili chotseka, n'zosavuta kuti panelo iyake itaphimbidwa ndi mapepala a msonkhano wa dzulo.

Ngati mukuzimitsa zonse, poyatsa yambani ndi rauta ndi swichi, zikhazikike, kenaka purosesa, panelo pomalizira.

Chachinayi: ipatuleni

Apa m'pamene mlandu umagamulidwa, ndipo ndimadabwa kuti ambiri amalumpha sitepe imeneyi. Chotsani panelo pa tebulo kapena pakhoma, pitani nayo ku chipinda china, muisomeke pa injekita ya PoE imene mukuidalira, kabokosi kopatsa panelo magetsi kudzera pa kebulo ya netiweki, ndi kebulo yaifupi ya kufakitale. Isalumikizane ndi netiweki ya ofesi. Lowani pa tsamba lake la setup. Pa mapanelo ambiri a Crestron a mtundu wa TSW mumaika zala zisanu pa galasi kwa masekondi pafupifupi 15. Ena ali ndi kabatani kobisika kumbuyo kapena pansi. Pa tsambalo nthawi zambiri pamakhala poyesera kukhudza. Kokani mizere ndi chala kuchoka kona ina kufika ina, kenaka isiyeni ola lathunthu osaigwira, muziisuzumira.

Mizere ikamaduka pa malo amodzimodzi nthawi zonse, kapena madontho akamatuluka okha ngakhale panopa, galasi kapena kachipangizo kake kawonongeka. Ikakhala bata, panelo ndi yamoyo, ndipo wolakwa watsala m'chipinda muja. Ngati muli ndi panelo ina yofanana m'chipinda china, zisinthanitseni kwa tsiku limodzi: matenda akatsata panelo ndi a panelo, akatsala pa tebulo ndi a pa tebulo.

Pobwezera pakhoma samalani masikuluwu. Mukamanga mopyola, makamaka pa khoma losasalala, chimango chimapindika pang'ono n'kumakanikiza galasi. Ndinaonapo panelo ikuchira pongomasula sikuluwu imodzi theka la kuzungulira.

Chachisanu: magetsi, kumene kumagona mavuto ambiri a kuno

Pali zinthu ziwiri zosiyana: mphamvu kuchepa, ndi mphamvu kubwera yosokonezeka.

Tiyambe ndi kuchepa. PoE imatumiza mavoti pafupifupi 48 pa kebulo ya netiweki. Muyezo wakale wa 802.3af, wa m'chaka cha 2003, umapereka mawati 15.4 potuluka pa swichi, ndipo chipangizo chimatsimikiziridwa mawati 12.95 okha, enawo amathera m'njira. Muyezo wa 802.3at wa 2009, umene timautcha PoE+, umapereka mawati 30, ofika ndi 25.5. Mapanelo akuluakulu ena amafuna PoE+. Mukawaika pa poti (bowo la pa swichi) ya mtundu wakale amatha kuyaka ndithu, koma sikirini ikawala kwambiri kapena sipika yake ikalira, amagwa n'kuyambiranso. Werengani kumbuyo kwa panelo kapena m'kabuku kuti ikufuna uti.

Kenaka onani swichi yonse. Swichi iliyonse ili ndi malire a mawati amene ingagawe. Ya mapoti 8 olembedwa PoE+ ingafune mawati 240 kuti ikhutitse onse nthawi imodzi, koma zambiri zotsika mtengo zili ndi theka la zimenezo kapena kucheperapo. Tsiku loika zonse zimakwana. Pakapita miyezi wina wawonjezera makamera awiri, wina mafoni a patebulo, wina chowulutsira Wi-Fi, ndipo mphika womwewo uja tsopano ukudyetsa anthu ambiri. Malire akapyola, swichi imadula poti ina, ndipo ikhoza kukhala ya panelo yanu. Lowani pa tsamba la swichi muone mawati amene akugwiritsidwa ntchito ndi otsala, muwerengenso log yake, kaundula wa zimene zachitika, ngati yalemba kuti inadula poti. Ngati swichi imalola, ikani poti ya panelo pa gulu lofunika kwambiri. Yesaninso poti ina, chifukwa mphezi za m'nyengo ya mvula zimatha kulumaza poti imodzi osaipheratu, makamaka kumene kebulo imadutsa panja kuchoka nyumba ina kupita ina.

Tsopano mphamvu yosokonezeka. Aliyense amene anachajapo foni ndi chaja yotchipa ya pamsewu akudziwa: foni ili pachaja, mukulemba uthenga, zilembo zikudumphadumpha zokha, mukazula chaja, yachira. Chaja yotereyi imatulutsa timafunde tosokoneza, timene amisiri amangoti noise, ndipo galasi limatiwerenga ngati zala. Panelo ya m'chipinda cha misonkhano imadwala matenda omwewo ikamadyetsedwa ndi injekita yachabechabe, kapena waya wa ethi, uja wotetezera wopita m'dothi, ukakhala kuti sunagwire.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zimenezi mokakamiza. Chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, kuzima kwa magetsi kunayamba ndi maola 8 patsiku mu Marichi, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankaona magetsi maola atatu okha. Maofesi anathamangira majenereta, mainveta ndi sola, zina zoikidwa mwaluso, zina zoikidwa mothamanga. Miyezi imeneyo ndinaitanidwa ku ofesi ina cha ku Great East Road kumene panelo inkatseka maikolofoni ndi kutsitsa nsalu ya pulojekita yokha. Antchito anali atayamba kale kuseka kuti m'chipindamo muli mzukwa. Ndinapita kawiri m'mawa, panelo ili phee ngati mwana wabwino. Ulendo wachitatu ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinakoka mpando n'kukhala. Masana magetsi anapita, jenereta inalira kuseri kwa nyumba, ndipo pasanathe mphindi zisanu mabatani anayamba kuti phethiphethi okha. Nditagwira chimango chachitsulo ndi dzanja lamanzere, misala inachepa, nditachotsa, inayambiranso.

Pansi pa tebulo ndinapeza injekita yopanda dzina, ya pulagi ya mano awiri, yokakamizidwa mu soketi ya mabowo atatu. Bowo la ethi anatsegulira ndi chivindikiro cha bolopeni, ndipo chinali chikadali momwemo. Poti ya panelo pa swichi anali ataipereka kwa kamera yatsopano, panelo n'kuigulira kainjekitako. Tinaibwezera pa swichi ya mu rack (kabati ya zipangizo za netiweki), imene inali pa UPS, bokosi la batire logwiriziza magetsi akazima, ndipo wamagetsi atabwera anapeza kuti ethi ya jenereta inali yosagwira bwino, chitsulo chake chili m'dothi louma gwa. Dothi louma silidutsitsa magetsi bwino, n'chifukwa chake ethi yofooka imaonekera kwambiri m'chilimwe.

Ndiye inu chitani izi. Yesani panelo nyumba ili pa ZESCO, muyesenso ili pa jenereta kapena inveta, mulembe kusiyana. Tsatani kebulo mpaka kumene mphamvu ikuchokera, muone ndi maso anu chimene chikudyetsa panelo. Zulani machaja a malaputopu a patebulo limodzi ndi limodzi, zimitsani magetsi a LED okhala ndi dimmer, muone ngati bata libwerera. Kachipangizo koyesera soketi, kosomeka ngati pulagi, kamakuuzani msanga ngati ethi palibe kapena mawaya anatembenuzidwa. Amene anaphunzira kugwiritsa ntchito mita angayeze: pakati pa live ndi neutral pazikhala mavoti pafupifupi 230, pakati pa neutral ndi ethi pazikhala pafupi ndi ziro. Mukagwira chitsulo cha rack kapena cha panelo n'kumva kunyerenyetsa, lekani pomwepo muitane wamagetsi wovomerezeka. Zafika pa moyo wa munthu, si za panelo ayi.

Za UPS ndinene mwachidule. Swichi, purosesa ndi rauta zonse zikhale pa UPS imodzi yabwino, makamaka ya mtundu wa online, imene imapanga magetsi ake oyera nthawi zonse. Timaupiesi tating'ono ta pansi pa desiki timavutika ndi jenereta imene liwiro lake likusinthasintha kuchoka pa 50 Hz. Mumatimva tikuti tha, tha, kusintha kupita ku batire n'kubwerera. Inveta ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a ZESCO. Ndipo batire ya UPS iyeseni pozula pulagi kunja kwa nthawi ya msonkhano. Mabatire amene akhala akuphwa tsiku ndi tsiku m'chipinda chotentha sakhalitsa, ngakhale getsi lakutsogolo likhale lobiriwira.

Chachisanu ndi chimodzi: kebulo

Kebulo ya netiweki isapitirire mamita 100 kuchokera pa swichi kufika pa panelo, kuphatikiza timakebulo tatifupi ta kumapeto. Yang'anani kumapeto konse kuwiri: kaloko ka pulagi kothyoka, timano tochita dzimbiri, malo amene mwendo wa mpando wakhala ukuponda. Mabokosi a pansi amene makebulo amatulukira amamwa madzi okolopera, ndipo m'menemo ndimapezamo zobiriwira kawirikawiri.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi kebulo ya CCA, ya aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba. Pa bokosi amalemba Cat6, mtengo ndi wokoma, ndipo kachipangizo koyesera kamayatsa timagetsi tonse 8 bwinobwino, chifukwa iko kamangoona ngati waya waduka kapena ayi. Koma aluminiyamu amadutsitsa magetsi mopitirira pang'ono chabe theka la mmene kopa amachitira, choncho pa mtunda wautali mavoti amagwera m'njira, panelo n'kumakomoka. Amathyokanso msanga pa mfundo. Kuti mudziwe, dulani kachidutswa, palani waya umodzi ndi mpeni. Kopa weniweni ndi wofiirira mpaka m'kati. CCA imaonetsa zoyera ngati siliva. N'zomvetsa chisoni kuti m'dziko lokumba kopa tizikwirira aluminiyamu m'makoma, koma zilipo.

Njira yachidule yoweruzira kebulo ndi kuyala ina yodalirika pansi, kudutsa pakhomo, kuchokera pa swichi mpaka pa panelo, kwa tsiku limodzi. Ndi yonyansa m'maso koma imayankha funso. Onaninso kuti kebulo ya netiweki sinamangidwe mtolo umodzi ndi mawaya a magetsi kapena a eyakoni mtunda wautali.

Chachisanu ndi chiwiri: netiweki

Somekani laputopu pa swichi yomweyo. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani ping -t ndi adiresi ya IP ya panelo, mutsegulenso windo lina la purosesa, muzisiye zikuyenda; ping imaitana chipangizo mobwerezabwereza n'kumaonetsa ngati chikuyankha. M'nyumba imodzi mayankho azibwera m'mamilisekondi ochepa, osadumpha. Panelo ikachita misala, yang'anani kuti wasowa ndani. Ikasowa panelo yokha, bwererani ku kebulo ndi PoE. Zikasowa zonse ziwiri, vuto lili pa swichi kapena netiweki yadzaza.

Onani adiresi ya panelo pa tsamba la setup. Ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti inapempha adiresi osayankhidwa. Izi zimachitika kwambiri magetsi akangobwera: panelo yadzuka msanga, chogawa maadiresi chikadali m'tulo. Mankhwala ake ndi kupatsa panelo ndi purosesa maadiresi okhazikika, mogwirizana ndi a IT, kunja kwa gulu limene DHCP, chogawa maadiresi chija, imagawa. Mukapanda kugwirizana nawo mudzagwa m'dzenje lina, la zipangizo ziwiri zolimbirana adiresi imodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani panelo, ping ipitirire. Ngati mayankho akubwerabe, pali wina amene wavala dzina la panelo yanu, mwina pulinta kapena laputopu ya mlendo.

Pa Crestron palinso nambala yotchedwa IP ID, imene iyenera kufanana ndi imene ili m'pulogalamu ya purosesa. Oika akakopera zoikamo za chipinda china n'kuiwala kusintha adiresi ya purosesa, panelo ya chipinda chino imalamula chipinda cha pafupi. Ngati pakati pa panelo ndi purosesa pali firewall, mlonda wosefa mauthenga, kapena zili pa VLAN zosiyana, kutanthauza zigawo zosiyana za netiweki, a IT atsegule njira. Auzeni nambala za njirazo: Crestron imalankhula pa poti 41794, kapena 41796 ikakhala yotetezedwa, AMX pa 1319.

Zina ziwiri zoti a IT akuonereni. Kumene mawu kapena zithunzi zimayenda pa netiweki, monga pa njira yotchedwa Dante, IGMP snooping, imene imathandiza swichi kupereka uthenga kwa oufuna okha, ikapanda kuikidwa bwino mauthenga a multicast, opita kwa ambiri nthawi imodzi, amasefukira pa mapoti onse, kapanelo n'kumira. Ndipo Energy Efficient Ethernet, ija yogonetsa poti kuti isunge magetsi, ndi bwino kuizimitsa pa mapoti a zipangizo zimenezi. Suzumiraninso pa mabowo a patebulo: mlendo waukhondo amatha kutenga kebulo yolendewera n'kuisomeka pa bowo lina la netiweki yomweyo, ndipo pa swichi yosadziteteza zimenezo zimagwetsa nyumba yonse.

Chachisanu ndi chitatu: mwina pali wina akulamula

Voliyumu ikasuntha yokha sindiye kuti panelo yadzidina. Panelo imaonetsanso zimene purosesa yaiuza. Funsani ngati pali iPad kapena kompyuta ina yokhala ndi tsamba lolamulira chipindachi, sensa yozimitsa zinthu anthu akakhala osasuntha, kapena nthawi yoikidwa yozimitsira zonse. Nthawi imeneyi imasokonekera wotchi ya purosesa ikataya ola. Zoyenera kuzima usiku zimazima pakati pa msonkhano. TV zina zimasintha zokha gwero la chithunzi wina akasomeka HDMI, kudzera pa CEC, njira imene zipangizo zimalamulirana pa kebulo ya HDMI. Kuti mutsimikize, zulani panelo n'kudikira: zinthu zikapitiriza kusintha, lamulo likuchokera kwina.

Pa matenda achinayi aja, a batani lomvera koma TV osasuntha, onani kebulo yolamulira ya RS-232 kapena ya netiweki kumbuyo kwa TV. Magetsi akazimazima, kapena wina akaseweretsa rimoti, TV imatha kubwerera ku njira yosunga magetsi imene imagonetsa poti yolamulira ikazima. Pulojekita nayonso imakana malamulo pamene ikutenthetsa kapena kuziziritsa; anthu amadina kasanu, malamulo n'kuunjikana, kenaka n'kuchitika onse motsatizana ngati misala.

Pomalizira: firmware, ndi nthawi yovomereza kuti yafadi

Firmware, pulogalamu ya m'kati yoyendetsa chipangizo, ndaiika kumapeto mwadala. Werengani kaye log ya purosesa, kudzera pa Crestron Toolbox, Extron Toolbelt, NetLinx Studio kapena Q-SYS Designer, malinga ndi zipangizo zanu. Ena mwa mapulogalamu amenewa amaperekedwa kwa ogulitsa ovomerezeka okha, choncho mungafunike kuitana amene anaika. Log imaonetsa nthawi imene panelo inasowa ndi kubwerera, ndipo mukaiyerekeza ndi nthawi zimene munalemba zija, chithunzi chimaoneka. Mukaganiza zokweza firmware, werengani zimene kampani yalemba za mtundu watsopanowo, mutsimikize kuti ukugwirizana ndi wa purosesa, ndipo chitani zipangizo zili pa UPS yoyesedwa. Magetsi akaduka pakati pa ntchitoyi panelo ikhoza osadzukanso.

Factory reset musaiyerekeze musanakhale ndi faelo ya masamba a panelo m'manja, pamodzi ndi maadiresi ndi mapasiwedi. Reset imafufuta zonsezo, ndipo maofesi ambiri amazindikira tsiku limenelo kuti amene anaika anachoka ndi mafaelo ake zaka zapitazo. Ngati akadapezeka, apempheni lero mafaelo onse, ndi a pulogalamu ya purosesa omwe, muwasunge pawiri.

Panelo ikapitiriza kudzidina ili yokha pa injekita yabwino, galasi loyera, firmware yatsopano, ndiye yafadi. Ikatupa kumbuyo kapena galasi likayamba kunyamuka, izuleni osadikira. Potumiza kwa ogulitsa phatikizani kanema uja, nambala ya siriyo, mtundu wa firmware, ndi pepala la zonse munayesa ndi masiku ake, kuti asakubwezereni ndi mawu akuti "kuno ikugwira bwino". Podikira ina, wokonza pulogalamu akhoza kukuikirani tsamba lolamulira pa laputopu kapena pa tabuleti, ndipo rimoti ya TV muiike mabatire atsopano, ikhale m'dirowa ya m'chipinda momwemo.